Kafue, Tauni Imene Kamera Imaidumpha

Basi yochoka ku Lusaka kupita ku Livingstone imafika pa Kafue anthu asanayambe n'kuwodzera komwe, poti mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 45 okha. Ambiri mwa alendo a m'basimo amakhala ali ndi kamera kapena foni yojambula bwino, koma pa Kafue zipangizozo zimakhala zili phee m'chikwama. Batire akusungira mathithi a Mosi-oa-Tunya, kumene aliyense akudziwa kale poima, poloza kamera ndi chithunzi chimene akatenge. Ngakhale dzina la tauniyi analanda ndi ena: munthu akafufuza zithunzi za Kafue pa intaneti, zimene zimabwera ndi mikango ndi njovu za ku Kafue National Park, nkhalango imene ili kutali ndithu chakumadzulo, ulendo wa maola angapo pagalimoto. Nkhani ino ikutsutsa kudumpha kumeneku. Kafue ndi tauni ya mbiri, kungoti mbiri yake inalembedwa ndi zitsulo, konkire ndi njerwa za mafakitale, ndipo popeza palibe amene anaikapo zikwangwani zouza mlendo kuti apa m'pofunika, ntchito ya wojambula zithunzi ndi yolemera pano kuposa kumathithi kuja, kumene chithunzi chatsopano chimangowonjezera pa mulu wa zinzake zofanana nacho.

Tiyambe ndi funso loti malo amatchuka bwanji. Timaganiza kuti anthu amajambula malo chifukwa ndi otchuka, koma nthawi zambiri zimayenda chobwerera: malo amatchuka chifukwa anajambulika bwino. Umboni wake uli panjanji imene imadutsa pa Kafue. Mlatho wa pa Victoria Falls, mathithi a Mosi-oa-Tunya aja, unatha mu 1905. Njanji itawoloka Zambezi, kampani ya George Pauling inapitiriza kuyala zitsulo kulowera kumpoto, ku migodi ya Broken Hill, imene lero ndi Kabwe, ndipo panjira anakumana ndi mtsinje wa Kafue. Mlatho umene anamangapo mu 1906 ndi wotalika mamita 427, uli ndi zigawo 13 za zitsulo zolukana, ndipo panthawiyo panalibe mlatho wina wa sitima wouposa kutalika m'njanji za ku Rhodesia. Milatho iwiriyi ndi ya njanji imodzi, yosiyana chaka chimodzi pa msinkhu, ndipo mkuwa wa ku Copperbelt umene unalemeretsa London unkawoloka pa yonse iwiri. Komabe wa ku Livingstone uli pa makadi, pa makalendala ndi m'mabuku a alendo, pamene wa pa Kafue ngakhale anthu ambiri a ku Lusaka sangaulozere pachithunzi. Chimene chinawasiyanitsa ndi malo. Woyambawo unakwera pamwamba pa chiphompho chakuya, utsi wa mathithi uli kumbuyo, mwakuti ngakhale mwana atagwira kamera chithunzi chimatuluka. Wachiwiriwu unagona chafufumimba pachidikha, pafupi ndi madzi, pakati pa mabango, ndipo suthandiza wojambula ngakhale pang'ono.

Kuti mlathowu uoneke monga ulili pamafunika kudekha, kuja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukaujambula wonse kuchokera patali, umasanduka kamzere kakuda kodula chithunzi pakati, thambo pamwamba, madzi pansi. Ukayandikira kwambiri, umangotenga zigawo ziwiri kapena zitatu ndipo kutalika kumene kunautchukitsa kumasowa. Njira yabwino ndi kuima pagombe chapambali, kuti zigawozo zizioneka zikuchepera chepera mpaka kutsidya, kenako n'kudikira bwato la msodzi lilowe m'chithunzi, chifukwa munthu wopalasa pansi pa nsanamira ndiye amauza diso kukula kwa chitsulocho. Nyengo nayo ili ndi zonena. Mu June ndi July, m'mamawa, nkhungu imayala pamadzi ndipo zitsulo zimaoneka zakuda bii pamwamba pa kuyera kwake, koma dzuwa likangokwera pang'ono zonse zatha. Kuyambira August mpaka October utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zimaphimba mapiri, zakutali zimafiira n'kuzimiririka, ngakhale dzuwa lolowa limakhala lofiira psuu moti ukhoza kuliyang'ana. Mpweya umayera mvula ikagwa, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene mapiri ozungulira tauni amaoneka obiriwira ndi akuthwa m'mbali. Masana dzuwa lili paliwombo, madzi amathobwa kamera ndipo nkhope za anthu zimada ndi mithunzi. Wanzeru amapita kukadya nsomba.

Mlatho wa magalimoto uli ndi mbiri yodabwitsa kuposa pamenepa. Woyamba unaikidwa mu 1949, makilomita angapo kumunsi kwa wa sitima, ndipo zitsulo zake zinali zitaimapo kale pa mtsinje wa Thames mumzinda wa London. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse Angelezi anamanga milatho yongoyembekezera kuopa kuti mabomba a Germany angagwetse yeniyeniyo. Nkhondo itatha umodzi unaphwasulidwa, n'kubwera kuno ndi ndalama za Beit Trust, bungwe lomwe linamanganso mlatho wa pa Chirundu mu 1939. Magalimoto anasamukira pa mlatho watsopano mu 1993. Mwana wobadwa pambuyo pa chakacho, ngati akudziwa n'komwe kuti makolo ake ankawoloka Kafue pa zitsulo za ku London, anazidziwa chifukwa wina anajambula. Kuseri kwa milathoyi kulinso zina zimene tingotchula modutsa: sukulu ya Kafue Boys, imene inayamba mu 1918 ngati Kafue Training Institute ya amishoni a Primitive Methodist motsogozedwa ndi John Fell, kumene anaphunzira Harry Mwaanga Nkumbula, mtsogoleri wa African National Congress, ndi mapiri a Munali panjira ya ku Mazabuka, amene amasunga dzina limene anthu anapatsa David Livingstone, yemwe anadutsa chigawochi kumapeto kwa 1855.

Koma mtima wa nkhani ya Kafue uli m'zaka khumi zoyambirira za ufulu. Zambia inalandira ufulu mu 1964 ili dziko logulitsa mkuwa n'kumagula china chilichonse kummwera, kuyambira nsalu mpaka feteleza, ndi malasha omwe. Ian Smith atalengeza ufulu wake wa azungu okha ku Rhodesia mu November 1965, njira ya kummwera ija inasanduka chingwe cha pakhosi. Boma la Kenneth Kaunda linaganiza zoti dziko lizidzipangira zinthu, ndipo kusintha kwa chuma kumene kunalengezedwa ku Mulungushi mu April 1968 kunapatsa bungwe la boma la Indeco mphamvu pa makampani ambiri. Kafue inasankhidwa kukhala tauni ya mafakitale pa zifukwa zooneka ndi maso: madzi osaphwa, njanji, msewu waukulu, likulu pafupi, ndiponso magetsi amene anali kubwera kuchokera ku Kafue Gorge, kumene kampani ya Energoprojekt ya ku Yugoslavia inkaboola mapiri kumanga malo opangira magetsi amene anayamba kugwira ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inatsegulidwa mu 1970, yomangidwa ndi kampani ya Kobe Steel ya ku Japan. Kafue Textiles inkaluka thonje la alimi a m'dziko momwemo n'kusindikiza zitenje. Bata inali ndi malo ofufutira zikopa. Ogwira ntchito anawamangira dera latsopano, Kafue Estates, ndipo mapulani a tauniyo anajambulidwa ndi kampani ya Constantinos Doxiadis, Mgiriki amene anakonzanso mapulani a Islamabad ku Pakistan ndi Tema ku Ghana. Taganizani za zimenezi pamalo amodzi: luso la Agiriki, Ajapani ndi anthu a ku Yugoslavia, kukumana pagombe la mtsinje umodzi chifukwa dziko laling'ono pa chiwerengero cha anthu linakana kugwada. Munthu wofuna kuona ndi maso chimene mawu oti kudzidalira ankatanthauza m'masiku a Kaunda sadzachipeza m'nyumba yosungiramo zakale. Chili m'machumuni a Nitrogen, m'mipaipi yake, m'mizere ya nyumba zofanana za ku Estates ndi misewu yake yowongoka. Zimene zinatsatira nazonso zili pomwepo. Boma la Frederick Chiluba litatsegula msika pambuyo pa 1991, nsalu zotchipa zakunja ndi salaula, amene ku Malawi amati kaunjika, zinadzaza misika. Kafue Textiles inadwala mpaka makina anazima, Nitrogen inayamba kuyenda chotsimphina, ndipo mabanja ambiri anadikira ndalama zawo za penshoni kwa zaka.

Wotsutsa woyamba anganene kuti zimenezi n'zoona koma si zakale, ndiponso si zokongola. Mlendo sangalipire ulendo kuti akajambule chumuni. Mfundo ya zakale ili ndi lamulo kumbuyo kwake. Lamulo la 1989 limene linakhazikitsa National Heritage Conservation Commission limateteza lokha, popanda wina kupempha, zomangidwa zimene zinalipo chisanafike chaka cha 1924. Zomangidwa pambuyo pake zimafunika kuti boma lizilengeze mwapadera. Tanthauzo lake ndi lakuti mlatho wa atsamunda wa 1906 uli mkati mwa malire a zaka, pamene fakitale imene Zambia yodziimira inadzimangira mu 1970 ili kunja. Palibe amene anakonza zimenezi mwadala, koma zotsatira zake n'zowawa: zimene dziko linachita ndi manja ake ndizo zingagwetsedwe n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha popanda aliyense kufunsidwa. Ndiye kusakhala kwakale kumene wotsutsa akunena ndiko kukupangitsa kuti kujambula kukhale kwachangu. Ponena za kukongola, diso limaphunzitsidwa. Ku Germany, Bernd Becher ndi mkazi wake Hilla anayamba cha mu 1959 kujambula matanki a madzi, ng'anjo zosungunulira chitsulo ndi nsanja za migodi, zinthu zimene anthu a kumeneko ankaziona ngati zonyansa zoyenera kuchotsedwa. Ankazijambula mofatsa, kutsogolo kwenikweni, kunja kuli mitambo kuti pasakhale mithunzi, n'kuziika m'mizere kuti munthu aone kufanana ndi kusiyana kwake. Zambiri mwa zomwe anajambula zinagwetsedwa, koma maganizo a anthu anasintha: fakitale ya zitsulo ya Völklingen inalowa m'ndandanda wa UNESCO wa malo osungidwa mu 1994, mgodi wa malasha wa Zollverein ku Essen mu 2001, ndipo lero alendo amalipiradi kukajambula machumuni.

Wotsutsa wachiwiri ali ndi mfundo yolemera kwambiri, ndipo tisamuthamangire kumuyankha. Iye akuti mlendo wa kamera akafika pa tauni imene inagwa, chimene amafuna ndi dzimbiri, magalasi osweka, udzu womera m'nyumba za makina ndi ana osavala nsapato. Akapita nazo kwawo, Kafue imadziwika ngati manda. Anthu amene anataya ntchito amasanduka zokongoletsera chithunzi cha munthu wina. Zimenezi zinachitika ku Detroit ku America, kumene ojambula anakhamukira ku mafakitale a galimoto osiyidwa mpaka eni mzinda anatopa nawo, ndipo zachitika mobwerezabwereza ku Africa kuno, kumene Kabwe, mwachitsanzo, dziko lakunja limaidziwa ndi zithunzi za ana osewera pa milu ya mtovu basi. Choipa cha zithunzi zotere n'chakuti zimanena mbali imodzi, ndipo zimene zasiyidwa kunja kwa chithunzi ndizo zambiri. Kafue sinafe. Fakitale ya zitsulo ya Universal Mining and Chemical Industries, ya gulu la Trade Kings, imasungunula chitsulo pomwepo. Gawo lalikulu la madzi amene anthu a ku Lusaka amamwa limapopedwa mumtsinjewu kudzera pa malo opopera madzi a Iolanda. Kumunsi, malo atsopano a magetsi a Kafue Gorge Lower, a mphamvu ya mamegawati 750, anamalizidwa mu 2023. Ku Chanyanya mabwato amakocheza ndi nsomba, ndipo m'mbali mwa msewu waukulu ogulitsa amazikweza m'mwamba kuonetsa madalaivala. Ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound anthu akumanga, ambiri a iwo ogwira ntchito ku Lusaka amene amabwerera madzulo. Chithunzi choona cha chipata chakale cha fakitale ndi chimene chikuonetsanso amayi ogulitsa tomato patsogolo pake ndi minibasi ikukweza anthu, chifukwa moyo wa tauniyi uli pomwepo. Choncho yankho kwa wotsutsayu si kubweza kamera m'chikwama, koma kubwerera m'mbuyo masitepe angapo kuti zambiri zilowe.

Palinso khalidwe. Munthu si mlatho. Safunika kumujambula ngati chinthu choima. Mlendo amayamba ndi moni, kenako n'kupempha kuti, "Amayi, ndingakujambuleni pamodzi ndi nsombazi?" Akakana, nkhani yatha. Akavomera, chithunzicho amawaonetsa pakamera, ndipo ngati n'kotheka amawatumizira pafoni. Ena amafunsa kuti, "Mukupita nazo kuti?" ndipo funso limeneli ndi loyenera, lofunika yankho loona. Kugula nsomba kapena dengu kwa munthu amene wakupatsa nthawi yake n'kwaulemu kuposa kumuponyera ndalama ya chithunzi. Ana sajambulidwa popanda mkulu wawo. Zimenezi zimachedwetsa ntchito, koma nkhope ya munthu amene wavomera imasiyana kutali ndi ya munthu amene wabedwa chithunzi, ndipo woonera amazindikira kusiyanako ngakhale sangakufotokoze.

Wotsutsa wachitatu ndi wapolisi, ndipo iye ali ndi lamulo m'manja. Milatho, njanji, malo a magetsi ndi mafakitale ena ndi malo amene boma la Zambia limatha kuteteza mwalamulo, ndipo kujambula popanda chilolezo kungamuike munthu m'mavuto. Alendo ambiri amadandaula kuti zimenezi n'zachikale m'masiku ano pamene mlatho uliwonse umaoneka pa Google Earth. Dandaulo lili ndi nzeru, koma likuiwala kumene manthawo anachokera. Mu 1979 asilikali a Rhodesia anamiza pantoni ya pa Kazungula, anaphulitsa milatho ya pa Chambeshi, ya msewu ndi ya njanji ya TAZARA, kenako n'kugwetsa milatho ina ingapo m'misewu yolowera ku Lusaka. Kwa anthu amene anaona zimenezi, mlendo woima pamlatho ndi kamera sanali munthu wosewera naye, ndipo Kafue, yokhala ndi milatho iwiri, fakitale ya mankhwala ndi magetsi a dziko lonse pafupi, inali ndi zifukwa zochuluka zokhalira tcheru. Wojambula wanzeru amafunsa kaye kwa alonda, amalembera kampani kalata ngati akufuna kulowa mkati mwa mpanda, ndipo akakhala ndi ka drone amatenga chilolezo ku Zambia Civil Aviation Authority. Kujambula mobisa n'kupusa, ndipo kumaonongera amene abwere m'mbuyo. Komabe mfundoyi ili ndi mbali imene akuluakulu a boma ndi a makampani ayenera kuimva: zaka zambiri za kuletsa zinasiya mpata m'nkhokwe ya zithunzi. Zimene zilipo za mafakitale a m'ma 1970 zambiri n'zojambulidwa ndi nthambi yofalitsa nkhani ya boma pa masiku a mwambo, nduna ikudula riboni, anthu atavala masuti. Tsiku wamba la munthu woyendetsa makina oluka, kapena khamu la njinga likutuluka pachipata poweruka, n'zosowa.

Wotsutsa wotsiriza ndi amene akuti nkhawa yonseyi njachabe, popeza lero aliyense pa Kafue ali ndi foni ndipo tauniyi ikujambulidwa tsiku lililonse kuposa kale lonse. Kuchuluka kwa zithunzi n'koona, ndipo n'chinthu chabwino kuti eni tauni ndiwo akudzijambula. Koma chithunzi cha pafoni chili ndi moyo waufupi. Foni ikagwera m'madzi, ikabedwa kapena ikadzaza, zithunzi zimapita. Zimene zayenda pa WhatsApp zimafika zitachepetsedwa, tsiku ndi malo zitafufutika. Yerekezani ndi zithunzi zakale zosatengedwa ndi eni ake zimene zinapezeka ku Fine Art Studios ku Lusaka, zimene Sana Ginwalla anazisonkhanitsa pansi pa dzina la Zambia Belonging: zinali za anthu wamba, zojambulidwa popanda cholinga cha mbiri, koma zinapulumuka chifukwa zinali papepala ndi pafilimu, ndipo vuto lalikulu la ozisunga ndi kupeza kuti anthuwo anali ndani. Phunziro lake kwa wojambula wa pa Kafue ndi la ntchito yotopetsa imene imabwera kamera itazimitsidwa: kulemba tsiku, dzina la malo, mbali imene anaima ndi chimene chikuoneka, kusindikiza zochepa zabwino, ndi kuperekako zina kusukulu, kukhonsolo kapena ku National Archives of Zambia. Mtsinje wokha ukusonyeza phindu lake. M'zaka za m'ma 1990 namasupuni, amene kuno amangomutchula kuti udzu wa Kafue, anaphimba madzi pafupi ndi milatho mpaka kuopseza makina a magetsi ku Gorge. Mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linaphulika, madzi a asidi n'kulowa mu Mwambashi ndi mu Kafue, nsomba n'kufa kumtunda. Pa zochitika ngati zimenezi akatswiri, makhoti ndi asodzi omwe amafunsa funso limodzi, lakuti madziwa ndi gombeli zinkaoneka bwanji zisanachitike, ndipo chithunzi chimene chingayankhe ndi chokhacho chimene chili ndi tsiku ndi malo.